Kope la mbeta ya ku Matundo

Kumudzi kwawo, kufupi ndi phiri la Domwe m'boma la Angónia, akuluakulu amamutchula pamfunda kuti Nangozo. Koma akangopotoloka amati "mbeta ija ya ku Nyungwe", ndipo amanena motsitsa mawu ngati akukamba za munthu amene ali gone m'chipatala. Chodabwitsa n'chakuti wodwalayo akabwera pa Khirisimasi amatsika m'chapa ali wonenepa bwino, atasenza shuga ndi nsomba zouma za chikowa, ndipo akayamba kuseka amamveka mpaka kudimba.

Nangozo adabadwa mu 1982. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa mu 1986, makolo ake adamubereka kumsana n'kuthawira ku Malawi, cha ku Lizulu, kumene kuwoloka malire n'kungodumpha msewu wa phula. Anthu amene adathawa choncho adakwana pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ambiri mwa inu awerengi mudathawa nawo kapena mudawapatsa pogona. Kumeneko mtsikanayu adalowa sukulu nafika Sitandade 6. Adazolowera kuwerenga magazini akale a Moni amene ankawapeza kuparishi, makamaka nkhani zachikondi. Pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo banja lawo lidabwerera kwawo mu 1994. Anzake adabwerera ndi mapoto ndi mabulangete. Iye adabwerera ndi nthenda yowerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira usipa.

Za umbeta wake nkhani yake ndi yaifupi. Mnyamata wina wa mudzi woyandikana adapereka chikole, nanyamuka ulendo wa ku Joni mu 2003 kukasaka ndalama za malata. Nangozo adadikira zaka zisanu ndi chimodzi, nakana amuna awiri abwinobwino. Kenaka kudabwera uthenga wakuti mkuluyo ali ndi mkazi ndi ana awiri. Amene ankamutama kuti ndi mwana wodekha ndi omwewo adayamba kumuwerengera zaka. Mu 2009, ali ndi zaka 27, adakwera pamwamba pa lole ya mbatatesi yopita ku Tete, atauza amayi ake kuti akukangoona mitengo ya zinthu.

Munthu wokulira ku Angónia, kumene chisanu cha mu Juni chimawaula masamba a nthochi, akafika ku Tete amayesa walakwira Mulungu. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Anthu amagona panja, madzi a mumtsuko amachita kufunda ngati osamba, ndipo mbuzi zimapumira pansi pa milambe lilime lili kunja. Koma nthawi imene Nangozo ankafika, mzindawo udali ndi malungo ena oposa a dzuwa. Kampani ya Vale ya ku Brazil idapatsidwa chilolezo cha malasha a ku Moatize mu 2004, ndipo idayamba kuwatulutsa mu 2011. Kudadzaza alendo ochokera ku Maputo, Zimbabwe, South Africa ndi Brazil komwe. Lendi idakwera mwakuti eni nyumba ena ankasamukira kukhitchini kuti m'nyumba yaikulu mulowe mlendo. Amuna adachuluka, ndalama zidachuluka, mabodza nawo adachuluka.

Nangozo adapeza kachipinda kamodzi ku Matundo, kutsidya kwa Zambezi, ndi malo ogulitsira mbatatesi ndi kabichi pamsika wa Kwachena. M'mawa uliwonse ankawoloka wapansi pamlatho wa Samora Machel, uja wolendewera pazingwe zachitsulo umene Apwitikizi adamanga, ndipo galimoto lalikulu likamadutsa ankaumva ukunjenjemera kumapazi.

Phindu la sabata yoyamba adagulira loko. Izi wina angaziyese zazing'ono, koma taganizani, mkazi wa zaka 27 amene chibadwire sadagonepo m'chipinda cha yekha. Adagona kukuka ndi agogo, adagona ndi ang'ono ake pamphasa imodzi, adagona mothithikana m'nyumba ya uthawathawa. Usiku woyamba ku Matundo adachita mantha mpaka adatsamiritsa thumba la mbatatesi kuchitseko. Pofika mwezi wachiwiri adayamba kutulukira zinthu za iye mwini zimene sankazidziwa. Adapeza kuti nsima yamadzulo saikonda kwenikweni, tiyi ndi buledi zimamukwanira. Adapeza kuti amakonda kugona Lamulungu masana popanda womudzutsa kuti akatunge madzi. Adapeza kuti masamu amawatha, poti ankawerenga ndalama zake chitseko chili chotseka, zikwana zisakwana wofunsa panalibe. Kiyi adaimangirira pachingwe n'kuivala m'khosi pamodzi ndi korona.

Mwamuna woyamba kumufunsira pamsika adadziguguda pachifuwa nati iye ali ndi kobiri zambiri. Nangozo adamumvera chisoni poona bambo wandevu akunyadira timakobiri ta m'thumba, ndipo adamubweza mwaulemu. Pambuyo pake adamva kuti m'Chinyungwe kobiri ndiye ndalama zenizeni, zamapepala zomwe. Anzake adamuseka sabata yathunthu kuti wathamangitsa mwini chigayo.

Chipinda choyandikana ndi chake munkakhala mphunzitsi wina wamkazi wochokera ku Tsangano, nayenso wosakwatiwa. Madzulo awiriwa ankapita kwa mwini nyumba kukaonera manovela a ku Brazil pawailesi ya kanema. Nangozo ankawakonda, koma chidamutopetsa n'chakuti akazi a mmenemo amalira atadzola bwino, m'nyumba zosanja, osaoneka n'komwe akutsuka mbale. Tsiku lina mphunzitsiyo adamubwereka buku lotchedwa Niketche, limene Paulina Chiziane adatulutsa mu 2002. Mayi ameneyu ndiye mkazi woyamba ku Mozambique kusindikiza buku la nthano yaitali, mu 1990, ndipo mu 2021 adalandira mphotho ya Camões, yolemekezeka koposa pakati pa olemba m'Chipwitikizi. Bukulo limakamba za Rami, mkazi wa mkulu wa apolisi, amene adatulukira kuti mwamuna wake ali ndi akazi ena anayi, ndipo m'malo molimbana nawo mpaka kalekale adawasonkhanitsa. Nangozo, ndi Chipwitikizi chake cha pamsika, adaliwerenga miyezi itatu chala chili pamzere.

Pobweza adati, "Aphunzitsi, bukuli ndi labwino, koma ndi la amayi apabanja. Nanga la ife mbeta lili kuti?"

"Achemwali, kwa Azungu aliko ambiri," adayankha mphunzitsiyo. Adamufotokozera za buku la Helen Fielding la mu 1996, Bridget Jones's Diary, lokamba za mkazi wa ku London wa zaka zopitirira 30, wosakwatiwa, amene amalemba m'kope ndudu zimene wasuta, mowa umene wamwa, amuna amene amupusitsa, uku akudandaula kuti wanenepa.

"Akulira kunenepa? Kwathu akadamuyamika kuti akudya bwino," adatero Nangozo. "Koma za kopezo ndazimva."

Mawa lake adagula kope la ana asukulu ndi bolopeni, nayamba kulemba m'Chichewa cha ku Lizulu chija. Amuna onse amene ankamufunsira adalowamo, aliyense ndi dzina lopeka, poti akuti dzina lenileni limabweretsa milandu.

Woyamba adali Bambo Chisoti. Mkuluyu ankabwera Lamulungu lokhalokha, atavala ovolosi yowala, jombo ndi chisoti cha kumgodi, dzuwa likuswa mtengo. Ankati amayendetsa chimakina chokumba malasha chachikulu ngati tchalitchi. Nangozo sadabise m'kopemo kuti mtima udagunda. Adalemba mmene adakalukitsira tsitsi la mesh, mmene adagulira nsapato za gogoda pakaunjika kuti akakumane naye mumzinda, ndi mmene chidendene chimodzi chidathyokera pakati penipeni pa mlatho. Adayenda wotsimphina, kenaka adavula zonse, phula likumuwotcha mapazi, nafika akudumphadumpha ngati khwangwala. Patapita milungu ingapo adamupeza bwana uja ku Moatize akupalasa njinga ya kabaza. Ovolosi ndi chisoti zidali za alamu ake, amene Lamulungu ankapuma. Nangozo adalemba kuti wakabaza akadamulola, poti thukuta lake n'lake, koma munthu wobwereka chisoti tsiku lina adzabwereketsa mkazi.

Wachiwiri adali Bambo Ndikubwera, dalaivala wa galimoto lalikulu la pakati pa Blantyre ndi Harare. Masiku amenewo mlatho udali umodzi, choncho magalimoto ankandanda mtunda wautali kudikira kuwoloka, ndipo madalaivala adali ndi nthawi yambiri yokondera anthu. Uyu adalonjeza nyumba ya magetsi ku Ndirande ndi ukwati wa kutchalitchi. Ankabweretsa sopo wonunkhira ndi chibuku cha m'mapaketi cha mwini nyumba. Nangozo, amene adaikapo m'manda anzake angapo a msinkhu wake, adamuuza kuti zonsezo wamva, koma ayambe apita limodzi kuchipatala kukayezetsa magazi. Bamboyo adavomera ndi mtima wonse, nati angokaona kaye matayala. Nkhaniyo m'kope imathera pakuti mpaka lero akuonabe matayala.

Kopeli silidakhalitse mobisika. Amayi a pamsika adali ndi chipereganyu, chimene kumeneko amachitcha xitique, ndipo ankakumana Loweruka madzulo pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba ya mmodzi wa iwo. Padali Anyungwe, Asena, Angoni ndi Achewa, ena amasiye, ena osiyidwa, ena a amuna a ku Joni osatumiza kanthu. Tsiku lina ndalama zitawerengedwa, mphunzitsi uja adaulula za kope. Nangozo adakana, adakananso, kenaka adawerenga ya Bambo Chisoti. Pofika pa gogoda wothyoka, mayi wina wachikulire wogulitsa masau adagwa pampando ndi phwete. Kuyambira pamenepo chipereganyu sichinkatha popanda nkhani, ndipo amene ankachedwa kupereka ndalama adayamba kufika nthawi yabwino.

Ena, makamaka abambo, amati zoterezi ndi nkhani zachibwana, zopanda phunziro, zongotayitsa nthawi akazi. Amene amatero akadakhalapo tsiku limene Nangozo adawerenga za Bambo Maloto. Ameneyu adali mlaliki wa jekete yoyera amene adabwera pabenchi pake nati Mulungu wamuonetsa m'maloto mkazi wogulitsa mbatatesi, wa mpata kumano, ndipo mkaziyo ndiye nthiti yake. Sabata yachitatu maloto adapitirira, akuti mkaziyo apereke ndalama zake za xitique zikhale maziko a nyumba ya Mulungu. Nangozo adamuyankha kuti naye adikira alote. Amayi adaseka monga mwa masiku onse, koma awiri sadaseke. Mmodzi adati kwa iye malotowo adali a mkazi wogulitsa tomato. Winayo adangoyang'ana pansi, chifukwa iye ndalama adali atapereka kale. Lolemba lotsatira mlalikiyo atafika pamsika adapeza mzere wonse ukumufunsa kuti usiku walota yani, ndipo sadaonekenso.

Kumudzi mnyamata akafunsira, malume amatuma anthu kukafufuza. Kwawo n'kuti, amalima, amamwa bwanji, adasiyapo mkazi? Ankhoswe amadziwa kumene angakamupeze akalakwa. Mumzinda wa alendo ngati Tete wa zaka zimenezo, mwamuna ankabwera ndi mbiri imene wadzipangira yekha pabasi, ndipo mkazi wochokera ku Domwe adalibe womufunsira. Ntchito ya ankhoswe idagwiridwa ndi kope la ana asukulu ndi phwete la Loweruka. Ulaliki sukadatha kuigwira, poti mkazi amene wapusitsidwa sadzuka pagulu kukaulula ngati akudziwa kuti amudzudzula. Koma akamva mnzake akudziseka yekha, opanda nsapato pamlatho, naye pakamwa pamamasuka.

Pali chinanso. Kumudzi Nangozo adali nkhani yokambidwa ndi ena. Pansi pa nimu uja wokamba adali iye, ndipo mbeta ya m'nkhanizo sidali yomvetsa chisoni. Idali yopusa nthawi zina, yadyera pang'ono, yokonda kutamidwa, koma mawu omaliza ankakhala ake.

Sikuti zonse zidali phwete. Muli masamba ena m'kopemo amene sadawerengedwepo pagulu. Lina adalemba atadwala malungo masiku anayi, chitseko chokiya mkati, mphunzitsi atapita kutchuthi, ndipo kiyi yomweyo imene ankainyadira idatsala pang'ono kumuphetsa ndi ludzu. Lina adalemba atabwera ku chinkhoswe cha mwana wa mng'ono wake, mwana amene iye adamulera kumsana. Za mwana wakewake salankhula kawirikawiri. Akafunsidwa amati ana a abale ake amene akuwalipirira sukulu ndi okwanira, ndipo amafulumira kusintha nkhani.

Chidamupweteka koposa ndi munda. Mu 2013 malume ake adagamula kuti gawo limene amayi ake adamusungira lipite kwa mng'ono wake, poti iye ali ndi mkamwini wolima ndi ana odyetsa, pamene mbeta ya kutauni ilibe woigwirira khasu. Chaka chomwecho n'kuti Nangozo atatumiza malata 24 a nyumba ya amayi ake kuchokera ku ndalama za xitique. Adapita kumudzi, nagwada bwinobwino, nati, "Malume, malata aja mudawalandira osafunsa ngati ali ndi mwamuna. Bwanji munda ukufunsa?" Malume adakhosomola, adanunkhiza fodya, nati nkhaniyo adzaionanso. Adamubwezera theka. Theka limenelo amalipira aganyu kulima mbatatesi, ndipo amakaigulitsa yekha ku Tete.

Tsono padali telala. Ameneyu ndi amene adasokoneza kope, chifukwa adalibe choseketsa. Adali bambo wofatsa wa ku Tsangano, mkazi wake adamwalira, ndipo ankasoka pakhonde la sitolo ina ku Matundo. Pa 7 Epulo, tsiku la amayi a ku Mozambique, lokumbukira imfa ya Josina Machel mu 1971, amayi amavala nsalu zofanana, ndipo gulu la xitique linkasoketsa kwa iye. Sadabwereke chisoti, sadalote maloto. Atamva za kuchipatala adapita yekha nabwera ndi pepala. Mawu ake adali amodzi, kuti akufuna banja, abwerere limodzi ku Tsangano, iye azisoka, mayi azisamala pakhomo.

"Nanga benchi langa?" adafunsa Nangozo.

"Mudzapuma, mayi. Mwavutika kokwanira."

"Ndani adakuuzani kuti ndatopa, bambo?"

Telala adakhala chete, akusewera ndi tepi yoyezera. Kenaka adafunsa chimene chidali kumtima kwake. "Ndimamva kuti amuna onse mumawalemba m'buku. Ine mudandipatsa dzina lanji?"

Nangozo adati sadamulembe. Bamboyo adaoneka wokhumudwa kuposa akadamulemba. Za banjazo adamuyankha kuti aganizire. Akulu adati mbeta silola tsiku limodzi, koma sadanene kuti masikuwo amathera pati. Mpaka lero telala sadabwerere ku Tsangano, Nangozo sadachoke pabenchi, makope adakwana asanu ndi awiri, ndipo chaka chilichonse poyeza diresi la pa 7 Epulo funso limafunsidwa n'kuyankhidwa chimodzimodzi. Lamulungu masana amadyera limodzi nyama ya mbuzi, kenaka aliyense amakatseka chitseko chake. Amayi a mpingo adalankhulapo mpaka adatopa.

Mbiri ya telalayu idafika kumudzi mu 2014, chaka chimene mlatho wachiwiri wa Kassuende udatsegulidwa. Malume adatuma amayi ake a Nangozo kuti akamuone munthuyo ndi kukalankhula ndi mwana wawo mwamphamvu, mwayi usapite. Mayiwo adali asadafikepo ku Tete. Adasankha mwezi wa Okutobala, nafika atavala juzi ndi mpango wa ubweya. Pamlatho adagwira mkono wa mwana wawo osausiya, akupemphera mokweza. Usiku adakana kugona panja poopa afiti, koma pofika pakati pa usiku adatuluka okha atanyamula mphasa.

Masiku awiri adalankhula mwamphamvu monga adawatumira. "Iwe Nangozo, ukadzafa adzakulira ndani? Ukufuna anthu azinena kuti ndidabala mwana wosalangidwa?" Nangozo ankangoti, "Ndamva, amayi," uku akuwathirira madzi pamapazi.

Tsiku lachitatu lidali Loweruka. Nangozo adafuna kuti kope lisatuluke, koma amayi a xitique adakana, nati mlendo ayenera kulandiridwa. Adawerenga ya Bambo Ndikubwera. Mayi ake adakhala nkhope ili gwa, manja pamiyendo, ngati ali pamaliro a mfumu. Pofika pa matayala, mapewa awo adayamba kugwedezeka. Adayesa kubisa pakamwa ndi mpango, koma zidakanika, ndipo adaseka mpaka misozi. Atapuma adati, "Inu ana inu, mukuyesa zidayamba lero?" Ndipo adafotokoza mmene malemu bambo ake a Nangozo adabwerera kudzawafunsira atakwera njinga yatsopano ya belu, atavala wotchi, akuti n'zochokera ku Halale. Ukwati utachitika, mwini njinga adabwera kudzatenga njinga yake, mwini wotchi naye adabwera, ndipo wachitatu adabwera kudzavula mkwati nsapato.

"Ndiye inu mudatani, amayi?" adafunsa Nangozo, amene nkhaniyi adali asadaimvepo chibadwire.

"Ndikadatani? Ndidali nditalowa kale. Koma ndidamuseka zaka 30."

Usiku umenewo Nangozo adalemba nkhaniyo, mayi ake akumuwongolera pamene walakwitsa. Telala adakamuona mawa lake, ndipo adabwerako ndi bulauzi yosokedwa mwaulere.

Lolemba m'mamawa adawaperekeza kokwerera chapa cha ku Ulongwe. Mayiwo adakhala pawindo, juzi ili pamiyendo, thumba la masau ndi malambe lili kumapazi. Galimoto litaliza injini adatulutsa mutu.

"Nangozo, malume ako ndikawauza chiyani?"

"Mukawauze kuti ndikuganizira."

"Chabwino. Koma telalayo usamutaye, amasoka bwino. Ndipo pa Khirisimasi ubwere nalo bukulo, azakhali ako amve ya matayala ija."